Nkhuku Imene A Sinoya Anabweza

Mvula ikayamba chaka chino, atsibweni a Sinoya Mwale akhala atagona chaka chathunthu kumanda a kwathu, kuseri kwa Mkaika. Sabata yatha tinakumana abale kuti tiwamangire chiliza. Amuna akusakaniza simenti, ndinamva anthu awiri akukangana za iwo. Wina amati anali munthu wamtendere amene anachirikiza mabanja ambiri. Mnzake amati inali nkhalamba youma mtima imene inataya mwana wa mlongo wake dzuwa likuswa mtengo. Mwana wotayidwayo ndi mkulu wanga Dailesi, ndipo tsiku limene akunenalo ndinalipo.

A Sinoya anali mlongo wa amayi athu. Kwathu munthu wotere ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wake akamakwatiwa, iye amakhala nkhoswe, woimira mkazi paukwati ndiponso wolandira madandaulo banja likagwedezeka. Atsibweni anayamba ndi ife a m'mbumba mwawo, koma mbiri itamveka kuti ali ndi pakamwa pozizira, anthu a m'midzi ina anayamba kuwabwereka ngati khasu. Anali aatali, owonda, a chipewa cha khaki chimene sindikumbuka kuti chinali chatsopano liti. Mwendo wa thalauza ankaumanga ndi luzi kuti usakodwe mu tcheni cha njinga, ndipo nthawi zambiri ankaiwala kumasula, moti ndi kutchalitchi komwe ankalowa mwendo umodzi uli womanga. Ankalima thonje ndi mtedza, koma ndinene mosabisa, munda wawo unali wochititsa manyazi. Udzu unkakula momasuka chifukwa mwini munda anali pamsewu, kukapalira m'nyumba za eni.

Luso lawo linali limodzi, ndipo ankalinyadira. Mwamuna ndi mkazi akayambana, sankawakhazika pamodzi. Mkazi ankamuika kukhitchini, mwamuna pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kumayenda pakati. Ankakonda kunena kuti mawu a munthu wokwiya ali ngati chinangwa chowawa, sapatsa munthu asanachiviike. Ndiye mwamuna akati, mukamuuze kuti ndatopa naye, a Sinoya ankayenda pang'onopang'ono, n'kutsokomola, n'kukafika kukhitchini ndi uthenga woti bambo akuti nyumba yazizira. Mkazi akati sindibwererako ngakhale andinyamule, pansi pa mango pankafika mawu oti mayi akufuna masiku ochepa mtima utsike. Anthu ankabwerera kwawo akuseka, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wagonja.

Mwamuna wolakwa ankabwera ndi nkhuku yopepesera, monga mwa mwambo, ndipo nkhoswe ikalandira ndiye kuti mlandu watha. Khola la atsibweni linali lodzaza kuposa la munthu wina aliyense m'mudzi. Akazi awo, aNabanda, nkhuku zimenezo sankazikhudza. Ankati nkhuku za misozi iwo saphika. Ankaweta zawo kuseri kwa nkhokwe, ndipo za m'khola la amuna awo zikalowa m'dimba ankazigenda ndi mtima wonse. Awiriwa ankakangana za nkhukuzi chaka ndi chaka. Ife ana tinkaseka kuti nkhoswe ya dziko lonse yalephera mlandu wa m'nyumba mwake, osadziwa kuti aNabanda ankaona chinthu chimene tonsefe tinkachiponda.

Amene anawadziwa a Sinoya m'zaka zawo zomaliza sangakhulupirire zimenezi. Iwo anaona nkhalamba yosalankhula, yokhala pakhonde n'kumapichira fodya m'pepala, munda uli wopalira bwino ndipo khola lili pululu. Banja lina likabwera ndi mlandu, ankayala mphasa imodzi, n'kuwauza kuti auzane okha, iwo amva nawo. Mkazi akayang'ana kwa iwo kuti amunenere, ankaloza mwamuna wake ndi chibwano. Ambiri sankabweranso. Ankati a Sinoya anatha nzeru, ndipo ena ankanong'ona kuti anawalodza. Palibe amene anawalodza. Chinawasintha ndi ukwati wa Dailesi.

Dailesi anakwatiwa ndi a Fakisoni, a kupitirira Sinda, ndipo anamutenga kukakhala kwawo. A Fakisoni anali munthu wooneka bwino, wodziwa kugwada pamaso pa akulu, wolembedwa ntchito yogula thonje m'midzi. Kumenya kunayamba mwana woyamba asanayende. Dailesi ankathawira kwa atsibweni, nkhope itatupa, n'kukakhala kukhitchini kwa aNabanda. Pakapita masiku a Fakisoni ankatulukira ndi nkhuku, n'kukhala pansi pa mango. Atsibweni ankayenda pakati, kenako n'kumukweza Dailesi panjinga mpaka kumsewu wa tala, kukwera naye minibasi, kukamusiya pakhomo pa mwamuna wake. Pobwera ankafika otopa koma owala nkhope, anthu n'kumawayamika kuti apulumutsanso banja. Zinachitika kambirimbiri, mpaka tinazolowera. Ana anabadwa atatu m'kati mwa maulendo omwewo. Tikamuona Dailesi akubwera ndi kathumba, sitinkafunsanso kuti chachitika n'chiyani, tinkangowonjezera ufa.

Tsiku lija kunali kozizira, nyengo yogulitsa thonje. Ine ndinali pakhomo pa atsibweni, tikuthothola mtedza ndi aNabanda, dzuwa litapendeka pang'ono. Tinamva njinga yamoto. A Fakisoni anaimika pansi pa mango, n'kumasula tambala wofiira amene anali kumbuyo. Anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Ankhoswe, ndabwera ndi kankhuku aka."

Atsibweni anali atatambasula kale dzanja, pakuti dzanjalo linali litazolowera. Kenako anayang'ana kukhitchini. Kunalibe munthu.

"Nkhuku ya chiyani, bambo?"

"Aa, nkhani zomwe zija. Dzulo tinasemphanako pang'ono."

"Nanga mwiniwake ali kuti?"

"Akubwera, ndamupitirira pamlatho paja. Ndati ndifike msanga tithane nazo, chifukwa manje taimu yavuta, mawa kuli kupima thonje kudepoti. Inu mubwere naye Lachisanu, atapumako."

Dzanja la atsibweni linangoima m'mwamba. Ine ndinasiya kuthothola. ANabanda sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Landirani, si malonda anu?"

"Mwamupitirira akuyenda pansi?" anafunsa atsibweni.

"Akanakwera ngati? Mwana wanu mumudziwa akakwiya."

"Ikani nkhukuyo pansi. Timudikire."

Tinadikira. Tambala anagona pafumbi, miyendo yomanga, akuphethira. A Fakisoni ankayang'ana foni yawo, kenako dzuwa. Atsibweni anakhala pachitsa osapichira fodya, osatsokomola, maso ali pa nkhuku ija. Sindidziwa zonse zimene zinkayenda m'mutu mwawo, koma nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu amene wapeza njoka m'thumba limene wakhala akutsamira.

Dailesi anafika atakulunga chitenje kumutu. Magazi anali atauma kuchokera m'khutu lakumanzere kutsikira m'khosi mpaka m'bulauzi. Ankayenda mopendekera, ngati nthaka ikumuthawa. Anaona njinga yamoto, sanadabwe, n'kulunjika kukhitchini, pamalo pake pa masiku onse. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chimenecho, kuti aliyense ankadziwa pokhala pake.

"Dailesi, bwera kuno," anatero atsibweni. Analowa m'nyumba, n'kutulutsa mphasa, n'kuiyala pakati pa bwalo. "Nonse awiri pano."

Atakhala, atsibweni anavula chipewa.

"Mwana wanga, chaka chatha ndinakuuza kuti amuna ako akulira, sakudya, akukusowa. Sanatero. Anati ndikubweze msanga chifukwa thonje laphulika ndipo palibe wotola. Chaka chinacho ndinati alumbira kuti sadzakukhudzanso. Sanalumbire. Anati mkazi wosamenyedwa amakula mutu." Anatembenukira kwa a Fakisoni. "Inunso ndinakuuzani kuti wakhululuka. Sanakhululuke. Anandiuza kuti akuopa kuti tsiku lina mudzamupha. Mawu amenewo ndinkawasiya panjira ine, pakati pa khitchini ndi mtengo uwo."

"Ankhoswe, zakale izo," anatero a Fakisoni, akuyesa kuseka.

"Si zakale, ndi za Lachisanu likubwerali. Inu mumamenya chifukwa mukudziwa kuti kuli Sinoya ndipo nkhuku siidula. Uyu amabwerera chifukwa Sinoya wanena. Ine ndimadya kuyamikidwa. Mphika uwu wakhala pa mafuwa atatu, ndipo limodzi ndine. Lero ndikuchokapo."

Anaimirira, n'kunyamula tambala uja, n'kukamumanganso okha kumbuyo kwa njinga yamoto. Kwathu kubweza nkhuku yopepesera si nkhani yaing'ono, kuli ngati kumuthira munthu malovu anthu akuona. A Fakisoni anaimirira, ulemu wonse uja utathawa. Anatukwana mawu amene sindingalembe, n'kuliza njinga yawo, tambala akukupiza mapiko kumbuyo.

Ndinkayembekeza kuti Dailesi agwa pamapazi a atsibweni. Anangowayang'ana, mutu utapendekera mbali imodzi.

"Ndiye zaka zonsezi munkandinamiza?"

"Eya, ndinkakunamiza."

"Ine ndinkabwerera chifukwa cha mawu anu, atsibweni. Ndinkati kapena m'kati mwake munthuyu muli chisoni chimene amauza inu nokha."

"Munalibe. Ndinkachiumba ndine." Anavalanso chipewa. "Tsopano tamvera. Njinga iyi ikutengera kuchipatala pompano. Ukafuna kupolisi ndikuperekeza, ndipo ndikanena zonse zimene ndaona. Nyumba ino ndi yako ndi ana ako, tsiku lililonse. Koma njira ya ku Sinda sindidzakuperekezanso. Kukumanga miyendo sindikumanganso ayi."

Kuchipatala ku Katete ananena kuti khutu linaphulika m'kati ndipo silidzamvanso. Za kupolisi Dailesi anakana. Anakhala kwa amayi, osati kwa atsibweni, ndipo akakumana nawo panjira ankayang'ana kumbali.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mpando munthu akaukana, anthu amathamanga kumubweretsera wina. Alongo athu anadula ndodo, n'kubwera kwa atsibweni kuti awatsogolere ku Sinda akamuphunzitse mlamu wawo. Atsibweni anakana. Anawauza kuti akakamuthyola nthiti, wolira adzakhala Fakisoni, womupukuta misozi adzakhala Dailesi, ndipo gule adzakhala yemweyo, ovina atangosinthana malo. Anyamatawo anachoka akuwatcha amantha. A Fakisoni nawo ankayenda m'malo omwera mowa kudandaula kuti nkhoswe yawachititsa manyazi atabwera modzichepetsa, ndipo anthu, amuna ndi akazi omwe, ankawamvera chisoni. Amayi athu anapita kukaima pabwalo pa mlongo wawo n'kukalipa mpaka mawu anasasa, kuti wagwetsa banja la mwana. Munthu amene dzulo lake anali mpulumutsi wa mudzi anasanduka woipa wa m'nkhaniyo.

Patapita masabata ochepa Dailesi ananyamula kathumba kake n'kubwerera ku Sinda yekha. Ana ake anali kumeneko, akanatani? Amayi anapitanso pabwalo paja, ulendo uno akulira.

"Achimwene, mwamutaya mwana. Kale akamapita munkapita naye, mwamunayo ankakuopaniko. Lero wapita yekha. Akamupha, mtembo mukautenge ndinu."

"Ndikautenga," anatero atsibweni. "Koma wamoyo sindikamupereka ndi manja anga."

Musaganize kuti ananena zimenezi ndi mtima wopepuka. Miyezi imeneyo anaonda mpaka lamba anamuboola mabowo ena. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ankaimirira, khasu lili m'manja, mpaka phokoso litazimirira. Kangapo aNabanda anawapeza atatulutsa njinga, luzi lili kumwendo, atangoima pabwalo. Kenako ankaibweza m'nyumba. Anatumiza uthenga umodzi wokha kwa Dailesi, woti chitseko chili chotsegula, ndipo sanawonjezere kanthu. Nkhuku za m'khola lija anazipereka kumaliro imodziimodzi mpaka zinatha. Ine panthawiyo ndinkawakwiyira. Ndinkaona ngati asankha kusamba m'manja pamene mkulu wanga akugona m'nyumba imodzi ndi munthu woti angamuphe. Mpaka lero sindinganene kuti mantha anga anali opanda pake, chifukwa a Fakisoni sanasiye kumenya.

Mvula inagwa kawiri. Kenako tinamva kuti Dailesi wachoka, mwamuna wake ali kudepoti. Anatenga ana onse atatu, n'kukwera lole ya chimanga, koma sanabwere kwathu. Anapita ku Vubwi, kufupi ndi malire, kumene anayamba kugulitsa nyemba ndi zitenje. Palibe amene anamuuza kuti achoke, ndipo palibe amene anamunyamulira katundu. Nditapita kukamuona anandiuza kuti atabwerera ulendo womaliza uja, chibakera chilichonse chinkabwera ndi mawu enieni a mwamuna wake, ndipo kunalibenso kothawira kuti wina akamutsukire. Ananena izi popanda kuthokoza. Anamaliza ndi kuti, "Atsibweni akananena zoona chaka choyamba, bwenzi ndili ndi makutu awiri."

Nditabwerako ndinafuna kuwasangalatsa atsibweni. Ndinawauza kuti Dailesi wapereka moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, fodya akufuka pakati pa zala.

"Wapereka moni, kapena wauumba panjira?"

Ndinaweramitsa mutu, n'kuwauza zimene ananenadi, za khutu zija. Anagwedeza mutu.

"Dailesi wanena zoona. Iwe, ntchito imene ndinaitula usaitole."

Atsibweni anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo Dailesi sanapondeko pakhomo pawo kudzawaona. ANabanda atamwalira Dailesi anabwera kumaliro, n'kukhala pakati pa amayi, n'kuchoka osawapatsa dzanja atsibweniwo. Atsibweni sanatume munthu kukawapepesera. Sikuti kunali kunyada. Ankati kupepesa anapepesa pamaso pake pamphasa paja, ndipo kutuma nkhoswe kwa munthu amene anapwetekedwa ndi unkhoswe kukanakhala kumuseka. Mwina apa analakwitsa. Ine ndikanakonda akanakwera minibasi n'kupita ku Vubwi okha, ngakhale kukangokhala pansi pafupi ndi nyemba zake. Sanapite, ndipo zimandipweteka.

Chifuwa chitawagwira chaka chatha, ndinkawadwazika ndine. Zitafika poipa ndinawafunsa ngati ndimuitane Dailesi. Anapuma movutika, n'kunena kuti, "Umuuze kuti ndikudwala ndipo sindidzuka. Usathirepo mchere. Kubwera kapena kusabwera ndi zake." Ndinaimba foni, n'kunena momwemo. Dailesi anangoti wamva. Sanabwere, ngakhale kumaliro.

Koma sabata yatha, pa chiliza, tinangomuona akutsika panjinga yamoto yahayala, imvi zitayamba m'mutu. Anagwira nawo ntchito, kutunga madzi osakanizira simenti, osalankhula zambiri. Anthu atabalalika anandikoka dzanja kuti tipite kunyumba ya atsibweni. Tinakhala pakhonde. Anayang'ana bwalo kwa kanthawi, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Pomwalira paja, anandiitana?"

Mawu okoma anali atafika kale pakamwa panga. Ndikanati anatchula dzina lanu mpaka mpweya womaliza, ndani akananditsutsa? Mwiniwake ali pansi pa simenti.

"Ayi, asisi, sanakuitaneni. Anati ndikuuzeni kuti akudwala, kubwera kapena kusabwera ndi zanu."

"Wati chiyani? Wakhala mbali yakufa. Bwera uku."

Ndinaimirira, n'kuzungulira, n'kukhala kudzanja lake lamanja. Mtima unkandiuza kuti Mulungu wandipatsa mpata wachiwiri, ndikonze. Ndinayandikira khutu lake lamoyo, n'kubwereza mawu omwewo, osachotsa, osawonjezera.

Kenako anati, "Ndiye kuti sanandinamizenso." Apo ndi pamene analira, kulira kumene sanalire pamaliro a munthu aliyense, atagwira mzati wa khonde ndi manja awiri. Sindinamutonthoze. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kunena kuti akufuna akapeze galimoto dzuwa lisanalowe. Ndinati ndimuperekeze mpaka kumsewu, koma anakana.

Nyumbayo ilipobe, ngakhale sindikhulupirira kuti ipirira mvula ikubwerayi. Udzu wa denga unafwafwanyika pakati, ndipo chiswe chakwera khoma la kum'mawa mpaka pazenera. Chitseko tinachimanga ndi waya, koma mbuzi zinapeza polowera kuseri ndipo zimagona m'chipinda chimene ankagona iwo. Pabwalo palibe amene amasesa. Fumbi ndi masamba zaunjikana, chisoso chamera mpaka pakhonde, ndipo kanjira kopita kumsewu kayamba kutsekeka. Nditatsala ndekha tsiku lija ndinaima pamenepo kufikira Dailesi atabisika kuseri kwa minda. Pafumbi la kanjirako panatsala mapazi a munthu mmodzi, olowera kumsewu.